Akasinja a Germany okwana m'dzanja

Muyezo umene anthu ambiri padziko amamangira tizifanizo ta akasinja unachokera ku mabatire awiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan inafuna kupanga chidole cha kasinja wa Ajeremani wa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse wotchedwa Panther, choti chiziyenda chokha ndi kamota. Amisiri ake anapanga thupi la chidolecho mongoti mabatire awiri ndi magiya zikwanemo. Atamaliza n'kuyeza, anapeza kuti chachepa maulendo 35 poyerekeza ndi Panther weniweni. Palibe amene anachita kukhalira pansi kusankha nambalayi. Koma chidolecho chinayenda malonda, akasinja otsatira anapangidwa pa muyezo womwewo kuti azigwirizana akaikidwa pamodzi, makampani ena nawo analondola, ndipo lero mukanyamula bokosi la kasinja wapulasitiki m'sitolo ya ku London, Tokyo kapena Johannesburg, kawirikawiri pakona pake mupeza palembedwa 1/35. Kamota kaja anasiya kukaikamo m'mabokosi ambiri, koma muyezo wake unatsala.

Kampani ya Tamiya inayamba mu 1946 ngati bizinesi yocheka matabwa ya Yoshio Tamiya, kenako n'kumapanga zidole zamatabwa. Mwana wake, Shunsaku Tamiya, ndi amene anakankhira ntchitoyi ku khalidwe limene likulamulira luso limeneli mpaka pano, loyeza chilichonse. Iye ankapita kumene akasinja ogwidwa pankhondo ankasungidwa, monga ku Aberdeen ku America ndi ku Bovington ku England, ali ndi kamera ndi tepi, kuti chotuluka m'fakitale yake chifanane ndi chitsulo chenicheni. Ku Britain nako kampani ya Airfix, imene poyamba inkaumba zipeso zapulasitiki, inali itayamba kugulitsa akasinja ang'onoang'ono kwambiri a muyezo wa 1/76, otsika mtengo moti mwana wasukulu ankatha kugula ndi ndalama zake za m'thumba. Lero pampikisanowu pali Dragon ya ku Hong Kong, Italeri ya ku Italy, Academy ya ku South Korea, Revell, Meng, Takom ndi makampani ena ambiri.

Pa muyezo wa 1/35, munthu wamtali mamita 1.75 amasanduka kamunthu ka masentimita 5. Kasinja wa Ajeremani wotchedwa Tiger I, amene kuchoka kumbuyo kufika kunsonga ya mfuti anali wotalika pafupifupi mamita 8 ndi theka, amakhala masentimita 24, ndipo chitsulo chake chakutsogolo chokhuthala mamilimita 100 sichikwana n'komwe mamilimita 3. Kasinja wolemera matani oposa 55 mumamunyamula ndi dzanja limodzi.

Zimene zili m'bokosi

Mukatsegula bokosi, kasinja simumuona. Mumaona mafelemu apulasitiki otuwa kapena achikasu, pamene palendewera tizidutswa mazanamazana, kalikonse ndi nambala yake, komanso kabuku ka zithunzi zosonyeza kuti aka kalowa pati. Mafelemuwo ndi njira zimene pulasitiki wosungunuka anadutsamo pothamangira m'chikombole chachitsulo. Chikombolecho chili ndi mbali ziwiri, choncho pamene mbalizo zinakumana pamatsala kamzere kotukuka pa kachidutswa kalikonse, ndipo pamene tizitsulo tinakankha pulasitiki kuti atuluke pamatsala timabanga tozungulira. Ntchito yoyamba ya womanga, imenenso imadya nthawi koposa, ndiyo kufafaniza zipsera za m'fakitalezi: kudula kachidutswa ndi kapulayala, kupala kamzere kaja ndi msana wa mpeni, kukwecha ndi sandipepa wosalala. Mpaipi wa mfuti ukabwera mbali ziwiri zomata, msoko wake uyenera kuzimiririka, apo ayi penti akangofika umaonekera ngakhale munthu ali pakhomo.

Guluu wake ndi wosiyana ndi guluu wa mapepala kapena wa nsapato. Ndi mankhwala amadzimadzi amene amasungunula pulasitiki pang'ono, moti tizidutswa tiwiri timaphatikana n'kukhala kamodzi. Mumagwirizanitsa kaye tizidutswato, kenako n'kukhudza msoko ndi nsonga ya kabulashi, guluu n'kuyenderera yekha m'mng'alu. Chala chikakhala pafupi, amayendereranso pansi pa chalacho, ndipo chidindo chanu chimatsala pa kasinjayo mpaka kalekale. Tizigawo topyapyala kwambiri, monga sefa wa pamwamba pa injini kapena tizomangira ta fosholo ndi nkhwangwa, timabwera pa kapepala kachitsulo chachikasu, ndipo timeneti timafuna supagulu ndi maso akuthwa. Pali mabokosi a masiku ano okhala ndi tizidutswa toposa 1,000, mpaka injini, mipando ndi zipolopolo za m'kati, zimene ambiri sadzazionanso denga likangomatidwa.

Felemu yotsala sitayidwa yonse. Mukaitenthetsa pamwamba pa kandulo mpaka ifewe, n'kuikoka mbali zonse ziwiri mosathamanga, imatambasuka n'kukhala kaulusi kowongoka. Kameneko ndiye eriyo ya wailesi. Eriyo ya akasinja a Germany inali ya mamita 2, ndiye mumadula mamilimita 57.

Pofika pa magudumu m'pamene kasinja wa Ajeremani amayesa mtima wa munthu. Tiger woyamba anali ndi magudumu 24 mbali iliyonse, olowanalowana m'mizere, ena kubisa anzawo. Mainjiniya anachita zimenezi kuti kulemera kugawike bwino ndipo kasinja aziyenda mosagwedezeka kwambiri. Kwa asilikali zinali minyama. Gudumu lam'kati likawonongeka ankayamba achotsa kaye angapo akunja, ndipo ku Russia matope ankalowa pakati pa magudumuwo masana n'kuuma gwa ndi chisanu usiku, m'mawa kasinja osasuntha. Womanga chifanizo amalawako pang'ono mavutowa: magudumu 48, lililonse lofuna kupalidwa, lililonse ndi mkombero wa labala wofuna penti wakuda, ndipo ayenera kuwalowetsa motsatana ndendende ngati mmene ankachitira makaniko wa mu 1943. Akalakwitsa mzere umodzi, enawo salowa.

Kenako matcheni oyendera. Mabokosi akale ankapereka malamba awiri ofewa olumikiza ndi msomali wotentha, koma lamba wotere amakhala njo, pamene tcheni chenicheni cha Tiger chinkagona ndi kulemera kwake pamwamba pa magudumu. N'chifukwa chake ambiri amakonda matcheni a mfundo imodziimodzi. Tiger anali ndi mfundo 96 mbali iliyonse, kutanthauza tizidutswa 192 tofanana toti mudule, mupale ndi kulumikiza. Apanso pali chosankha: kasinjayu anali wotambalala kuposa mmene njanji zinkalolera, moti pokwezedwa pa sitima ankamuvula matcheni omenyera nkhondo a mamilimita 725 n'kumuveka opyapyala a mamilimita 520, atachotsanso magudumu akunja. Amene akumanga Tiger ali pa ngolo ya sitima ayenera kudziwa zimenezi.

Kasinja wa mwezi uti?

Anthu a luso limeneli safunsana kuti, "Kodi uyu ndi Tiger?" Amafunsana kuti, "Ndi wa mwezi uti?" Mafakitale a Germany ankasintha kapangidwe ka akasinja awo pafupipafupi nkhondo ili m'kati, ndipo zosinthazo zinalembedwa. Tiger wa kumayambiriro kwa 1943 ali ndi kachipinda ka mkulu wa kasinja kooneka ngati ng'oma pamwamba, ndi zosefera mpweya zazikulu kumbuyo. Chapakati pa chakacho kachipindako kanasinthidwa n'kukhala kafupi, zosefera zija n'kudzachotsedwa. Mu Febuluwale 1944 anayamba kuika magudumu achitsulo opanda labala kunja, ndipo chiwerengero chake chinatsika. Panther naye anatuluka m'mitundu itatu, D, A ndi G, motsatana choncho, osati motsata alifabeti. Chifanizo chilichonse ndiye kuti chikunena tsiku ndi malo, mwini wake afune asafune.

Chitsanzo chabwino koposa ndi Zimmerit. Kuyambira chakumapeto kwa 1943, akasinja a Germany ankatuluka m'fakitale atamatidwa phala louma gwa, lokandidwa timizere ngati ta m'munda wolimidwa bwino. Phalalo linali losakaniza barium sulphate, guluu wa mtundu wa PVA, utuchi ndi utoto wachikasu. Cholinga chinali kulepheretsa mabomba a maginito, amene msilikali woyenda pansi ankatha kuwakakamiza pa chitsulo cha kasinja: phalalo linkatalikitsa maginito ndi chitsulo kuti bomba lisagwire. Chodabwitsa n'chakuti amene anali ndi mabomba oterewa ochuluka anali Ajeremani eni akewo. Adani awo sankawagwiritsa ntchito kwenikweni. Choncho kwa chaka chathunthu mafakitale anataya masiku kumata ndi kuumitsa phala lotchinga chida chimene sichinkabwera. Mu Seputembala 1944 analamula kuti aleke, kutamveka mphekesera zoti phalalo limayaka kasinja akawomberedwa, zimene atayesa anapeza kuti si zoona.

Kwa womanga chifanizo, chaka chimenecho ndi mpanda wosadumphika. Tiger wa ku Normandy mu Juni 1944 ayenera kukhala ndi Zimmerit. Tiger wa ku Kursk mu Julayi 1943 sayenera kukhala naye, wa ku Tunisia ndiye n'kosatheka, popeza asilikali a Germany kumeneko anagonja mu Meyi 1943. Ofuna kumuika ndi manja amapaka phala lomatira lopyapyala, lisanaume n'kulikanda ndi kachidutswa ka sowo kapena nsonga ya sikuludiraiva, kamzere ndi kamzere, mbali imodzi patsiku. Kakandidwe kakenso kankasiyana fakitale ndi fakitale: pena timizere, pena timabokosi. Makampani ena tsopano amaumbiratu Zimmerit pa pulasitiki, ndipo ndi wosalala bwino, koma wa manja amandikomera kwambiri chifukwa weniweniyo anamatidwa ndi anthu otopa amene ankathamangira kumaliza, ndipo sanali wowongoka.

Penti nayenso ali ndi kalendala yake. Zaka zoyambirira za nkhondo akasinja a Germany anali otuwa moderako, mtundu wotchedwa Dunkelgrau. Mu Febuluwale 1943 lamulo linasintha: azituluka m'fakitale ali achikasu moderako, Dunkelgelb, ndipo asilikali azipatsidwa zitini za penti wobiriwira ndi wofiirira kuti azijambula okha mawanga obisalira malinga ndi dera limene ali. Pentiyo ankabwera wolimba, woti asungunulidwe ndi petulo kapena madzi. Wosungunula ndi petulo ankatuluka wakuda bwino, wa madzi ankatuluka wotumbuluka. Ena ankapopera, ena ankapaka ndi bulashi kapena chiguduli. Nthawi ya chisanu ankawaza laimu pamwamba. Zotsatira zake n'zakuti akasinja a gulu limodzi sankafanana. Onjezanipo kuti zithunzi zambiri za nthawiyo n'zopanda mitundu, ndiye mumvetsa chifukwa chake mkangano wa "chikasu chenicheni" sutha pakati pa anthu amenewa. Zoona zake n'zakuti ngakhale mutapeza penti wa m'chitini cha mu 1943, pa kachinthu ka masentimita 24 angaoneke wakuda mopitirira. Odziwa amathiramo woyera pang'ono.

Penti akauma amamata nambala ndi zizindikiro, zimene zimabwera pa pepala loviika m'madzi kuti kachithunzi kasendeke n'kutsetserekera pamalo pake. Kenako pamabwera ntchito imene yatchuka kwambiri pa zaka zapitazi, yokalambitsa kasinja. Penti wamafuta wosungunula kwambiri amamuyendetsa m'ming'alu ndi mozungulira mabawuti kuti zioneke zakuya. Bulashi youma yokhala ndi penti wowala pang'ono amaipukutira m'mphepete, njira imene François Verlinden wa ku Belgium anaitchukitsa. Pensulo wamba amamukwecha pa mano a tcheni kuti pang'anime ngati chitsulo chodyeka. Pofuna laimu wosupuka, amapopera mankhwala olimbitsa tsitsi pamwamba pa penti woyamba, n'kupopera woyera, kenako n'kupukuta ndi bulashi yonyowa: madzi amasungunula mankhwala a tsitsi aja ndipo woyerayo amasupuka m'tizigamba. Matope amapanga ndi ufa wa utoto wosakaniza ndi pulasitala. Ku America, Sheperd Paine anaphunzitsa m'badwo wonse m'zaka za m'ma 1970 kuti kasinja asamaime yekha pa shelefu koma aikidwe pa kabwalo kokhala ndi nthaka, anthu ndi nkhani.

Apa ambiri amapitirira muyezo. Pa zionetsero zikuluzikulu, monga cha ku Telford ku England mwezi wa Novembala kapena cha ku Shizuoka mwezi wa Meyi, mumaona akasinja odzaza dzimbiri ngati akhala pamvula zaka makumi atatu. Ndi okongola, koma akunama. Kasinja wa mu 1944 ankakhala miyezi yowerengeka asanawonongedwe kapena kusiyidwa, ndipo pansi pa penti wake panali penti wina wofiira woteteza chitsulo. Dzimbiri linkagwira pa mapaipi a utsi, chifukwa cha kutentha, ndi pa matcheni akaima masiku angapo. Zenizeni zinali fumbi, matope, mafuta otayikira ndi mapazi a anthu asanu okwera ndi kutsika tsiku lililonse.

Chifukwa chiyani a Germany?

Munthu wongoona mashelefu a m'sitolo angaganize kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inamenyedwa ndi ma Tiger okhaokha. Koma Tiger I anapangidwa okwana 1,347 basi, kuyambira mu 1942 mpaka mu Ogasiti 1944, onse ku fakitale ya Henschel mumzinda wa Kassel. Tiger II sanakwane 500. Panther anali pafupifupi 6,000, Panzer IV pafupifupi 8,500, ndipo galimoto yankhondo ya matcheni okhaokha imene Germany inapanga yochuluka koposa inali StuG III, yosaoneka bwino, yopanda mutu wozungulira, pafupifupi 10,000. America yokha inapanga ma Sherman oposa 49,000, ndipo ma T-34 a Soviet Union anaposa pamenepo. Katundu wambiri wa asilikali a Germany ankakokedwa ndi mahatchi, oposa 2 miliyoni pa nkhondo yonse. Mahatchiwo sapezekapezeka m'mabokosi.

Zifukwa zokondera akasinja a Germany zilipo zomveka. Mitundu ndi yambiri, mawanga ake ndi osiyanasiyana, pamene Sherman ndi T-34 nthawi zambiri ndi obiriwira basi. Asilikali a Germany anali ndi magulu apadera ojambula zithunzi zokopa anthu, ndipo zithunzi zawo zikwizikwi n'zimene omanga amagwiritsa ntchito lero. Koma pamenepa m'pamene pali msampha, chifukwa wojambulayo analembedwa ntchito kuti aonetse mphamvu, osati kasinja wofera m'dzenje. Mbiri ya Michael Wittmann, mkulu wa kasinja wa Tiger amene anawononga magalimoto ankhondo ambiri a Britain ku Villers-Bocage pa 13 Juni 1944 n'kuphedwa pa 8 Ogasiti chaka chomwecho, inakuzidwa ndi mabodza a boma la Hitler, ndipo mpaka lero nambala ya Tiger amene anaferamo, 007, imapezeka pa mapepala omata a m'mabokosi. Wittmann anali wa gulu la Waffen-SS, limene khoti la ku Nuremberg linagamula kuti linali mbali ya bungwe la zigawenga.

Ku Germany lamulo silisewera pa nkhaniyi. Ndime 86a ya malamulo a milandu imaletsa kuonetsa poyera zizindikiro za chipani cha Nazi, monga swastika ndi zilembo za SS, ndipo zidole sizili m'gulu la zokhululukidwa. N'chifukwa chake makampani ambiri amazichotsa m'mabokosi kapena kuzidula pawiri pa pepala. Pa akasinja vutoli ndi lochepa poyerekeza ndi ndege, chifukwa chizindikiro chawo chinali mtanda wakuda woyera m'mphepete, Balkenkreuz. Swastika inkaoneka makamaka pa mbendera imene ankayala pamwamba pa injini kuti ndege zawo zisawaphulitse. Chimene bokosi silinena konse ndi manja amene anapanga kasinja weniweniyo. Ku Henschel kunkagwira ntchito anthu zikwizikwi ogwidwa m'mayiko olandidwa n'kukakamizidwa, ndipo fakitale ya Nibelungenwerk ku St. Valentin m'dziko la Austria, imene inapanga ma Panzer IV ambiri, inkagwiritsa ntchito akaidi a ku ndende ya Mauthausen. Munthu amene amatha kuwerenga mabawuti a gudumu n'kunena mwezi umene kasinja anatuluka m'fakitale sangakane kuti izinso n'zolembedwa m'mabuku omwewo.

Tiger amene wayezedwa ndi kujambulidwa koposa onse ndi wa nambala 131, amene ali ku nyumba yosungirako akasinja ya ku Bovington. Asilikali a Britain anamugwira ku Tunisia mu Epulo 1943, chipolopolo chitakakamira pansi pa mfuti yake n'kuletsa mutu kuzungulira, eni ake n'kuthawa. Anakonzedwa kwa zaka zambiri, ndipo pa ma Tiger I ochepa otsala padziko, kwa nthawi yaitali anali yekhayo woyenda ndi injini. Anaoneka mufilimu ya Fury mu 2014. Zipsera za zipolopolo zija zikadalipo, ndipo omanga amazikopera pa pulasitiki ndi nsonga ya singano yotentha.

Kugwidwa kotereku, kasinja ali pafupifupi wathunthu, kukusonyeza mmene ma Tiger ambiri ankathera. Injini ndi magiya zinkalemedwa, mafuta ankasowa, milatho yambiri sinkatha kumunyamula, ndipo ochuluka anasiyidwa panjira kapena kuphulitsidwa ndi eni ake pothawa. Malangizo ankaletsa Tiger kukoka Tiger mnzake, poopa kuti afa onse awiri, ngakhale asilikali ankaswa lamuloli kawirikawiri. Ntchito yokoka inali ya galimoto ya matcheni yotchedwa Famo, ya matani 18, ndipo pa Tiger mmodzi zinkafunika ziwiri kapena zitatu zomangirirana. Pali omanga amene amasankha chithunzi chimenechi m'malo mwa kasinja wolusa ali kuwombera: Tiger chivundikiro cha injini chili pululu, makaniko ali m'kati mpaka m'chiuno, ma Famo atandandalika kutsogolo. Kuti chitheke pamafunika mabokosi anayi, atatu a Famo ndi limodzi la Tiger, chingwe chokokera chopota ndi waya wa kopa, komanso shelefu yotalika mita yathunthu.